Chidindo cha mbatatesi chomwe chinakayezetsa agogo magazi

Ndivomere poyambirira: kalata ija ndinalemba ndine. Chidindo chake ndinasema ndi lezala pa mbatatesi ya m'munda mwa agogo, kwathu kufupi ndi Tsangano, n'kuchipaka inki ya bolopeni. Ndinali Folomu 2.

Agogo aamuna, a Ngozo, ndiwo ankatsogolera gule wa ngoma m'mudzi mwathu. Ndikawakumbukira mphuno mwanga mumabwera fungo la zikopa zovinira zomwe ankazipachika kudenga, zonunkha utsi ndi fodya wa labu, ndipo m'makutu mumamveka kugunda kwa phazi lawo komwe kunkathawitsa nkhuku. Koma chaka chimenecho akavina nyimbo ziwiri ankazembera kuseri kwa nkhokwe kukataya madzi, n'kukhalitsako, n'kubwerako atakwinya nkhope.

Kutchalitchi analengeza kuti kuchipatala kukubwera madokotala odzayeza magazi a abambo achikulire, kufufuza khansa ya pulositeti, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Madoda onse anakana.

"Magazi anga akukawagulitsa kuti?" anafunsa a Nzunga, mnzawo wa agogo. Agogo anangoti, "Ine sindikudwala, ndikungokalamba."

Musaganize kuti ndinawamvera chisoni. Ine ndinkangofuna kuseka. Kalata yanga inati gulu la ngoma lasankhidwa kukavina ku Lilongwe pamaso pa alendo akunja, koma aliyense akayambe wayezedwa mphamvu ya magazi, atavala zovinira zonse.

Lachinayi m'mawa madoda asanu ndi anayi anatsetsereka phiri m'chifunga, nthenga kumutu, zishango m'manja, akuimba. Ine ndinali pambuyo, nditaluma kolala ya malaya kuti ndisaphulike. Titafika kuchipatala, amayi a kusikelo anasiya ana akulira n'kuyamba nthungululu.

Namwino anaiwerenga kalata ija, n'kuinunkhiza.

"Bambo, ku Lilongwe kulibe ulendo. Chidindo ichi chikununkha ndiwo."

Mzere wonse unafa ndi phwete. A Nzunga anatukula chibonga, maso akundisakasaka, poti kalatayo ndinawapatsira ndine.

"Tiyeni tizipita, atichititsa manyazi!"

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsamiritsa chishango kukhoma, n'kukhala pabenchi, n'kutambasula mkono.

"Nzunga, tabwera tikuimba nyimbo ya nkhondo. Tibwerere tikuthawa kasingano, akazi onsewa akuona? Mayi, bayani. Ndipo ndinene pano pomwe, mkodzo ukundivuta chaka chonse."

Ananena mokweza, pamaso pa akazi ndi apongozi awo omwe. Phwete lonse linatha. A Nzunga anatsitsa chibonga pang'onopang'ono.

"Inunso, achimwene? Ine ndimayesa ndekha."

Onse asanu ndi anayi anabayidwa. Zotsatira zitabwera, magazi a agogo ndi a mdala wina anaonetsa zokayikitsa, ndipo anawatumiza kuchipatala chachikulu kukapimidwa bwino. Mdala winayo kunali kutupa chabe. Agogo inali khansa, koma madokotala anati yapezeka isanafalikire. Anachitidwa opaleshoni, anabwerako ataonda ngati bango, ndipo mvula yachiwiri isanagwe anali atayambiranso kugunda phazi.

Mlandu wanga sunaiwalike. Madoda anandikhazika pansi pakhonde, agogo n'kugamula.

"Poti dzanja lako limayabwa, chaka chonse uzilemba makalata a madoda onsewa opita kwa ana awo ku Joni. Ukakana, chibonga cha a Nzunga chikadali ndi njala."

Ndinagwada, n'kuthokoza mwaulemu. Iwo ankayesa andikhaulitsa. Pofika Khirisimasi ndinkadziwa zinsinsi za mudzi wonse, ndipo kalata iliyonse ndinkaiwonjezera mzere umodzi pansi: "Mnyamata amene amandilembera alibe nsapato za mpira, amavala sayizi 7."

Nsapato zinabwera, mapeyala atatu.