Timitengo ta mabisiketi a Khirisimasi

Ndikukumbukira Khirisimasi ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'mudzi mwathu kumtunda kwa Malomo. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, bambo sindinawadziwe, choncho ndinkakhala ndi agogo anga, aNangondo. Agogo anali atadulidwa mumpingo chifukwa chofulula mowa wamasese, umene unkandiphunzitsa sukulu. Mowawo anausiya, ndipo kwa chaka chathunthu ankakhala pabenchi yakumbuyo Lamulungu lililonse, kudikira kuti akulu ampingo awabwezere. Njala sankaiopa, matenda sankawaopa. Ankaopa kufa ali kunja kwa mpingo, maliro awo n'kuyenda opanda nyimbo.

Chaka chimenecho akazi a aphunzitsi athu, Mayi Mwale, anabwera ndi luso latsopano kuchokera kumaphunziro a zapakhomo ku Boma. Anati ana a Sande sukulu adzalandira mabisiketi ooneka ngati nyenyezi, opakidwa shuga pamwamba, aliyense yake yobaya pa kamtengo. Uvuni kunalibe, ndiye panafunika munthu wodziwa kusunga moto. Mayi Mwale anasankha agogo. "Wofulula mowa amaudziwa moto," anatero akuseka. Agogo sanaseke. Akulu ampingo anali atanena kuti nkhani yawo aikamba ikatha Khirisimasi, ndipo aka kanali koyamba kuitanidwa pa ntchito ya amayi chidulidwire.

Anagulitsa nkhuku yathu ya mazira n'kupita ku Malomo kukagula shuga, khadi ya chipani ataimanga pa mfundo ya chitenje kuti anyamata a pachipata cha msika asawabweze. Ine anandipatsa ntchito imodzi yokha: kupeza timitengo makumi anayi tosalala, totalika ngati pensulo.

Nsungwi za kumtsinje zinali tsidya lina, ndipo madzi anali atadzaza ndi mvula ya sabata imeneyo. Koma ndinkadziwa pena pamene panali nsungwi zokhwima zimene munthu sankadula. Panali m'mphepete mwa manda. Ndinkadziwa kuti mwana saloledwa kufika kumeneko, komanso kuti nkhuni za kumanda sizilowa m'mudzi. Komabe ndinkapitako mobisa, n'kumaima patali kuyang'ana mtengo umene anandiuza kuti mayi anagona pansi pake. M'mutu mwanga, chinthu chomera pafupi ndi mayi sichikanakhala choipa. Ndinadula nsungwi imodzi, ndinaing'amba, ndipo madzulo onse ndinakhala ndikupala timitengoto ndi kampeni mpaka zala zinatuluka matuza.

M'mawa mwake tinasonkhana kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi. Mayi Mwale anakanda fulawa ndi majarini, n'kumadula nyenyezi ndi kachitini kopindapinda. Agogo anathira mchenga pansi pa poto wamkulu, makala ena pansi, ena pa chivundikiro, ndipo ankayeza kutentha ndi chikhatho chokha. Palibe bisiketi imene inapserera. Fungo lake linafika mpaka kumsewu, ana n'kudzaza pampanda. Shuga wopaka anamusakaniza ndi zoyera za dzira, wina anamufiiritsa ndi madzi a chidede. Titamaliza tinazika timitengoto pa thunthu la nthochi, nyenyezi zoyera ndi zofiira zitaima mizere. Ndinaona agogo akumwetulira, amayi ena akuwatchula dzina ngati kale.

Kenaka anafika aNabanda, amene ankatsogolera amayi a mpingo. Anazula bisiketi imodzi n'kuitembenuza.

"Koma timitengoti, abale! Nsungwi yokhwima chonchi yatsala kuti m'mudzi muno? Iwe mwana, wadula kuti?"

Anandifunsa mondiyamikira, ndipo ine sindinali wozolowera kuyamikiridwa.

"Kwa amayi," ndinayankha.

"Amayi ako ati?"

"Kumanda."

ANabanda anaponya bisiketiyo pansi n'kupukuta dzanja pa chitenje kawiri konse. Amayi amene ana awo anali atanyambita supuni ya shuga anayamba kuwaitana mmodzimmodzi.

"Mwana uyu amapita kumanda yekha?" anatero aNabanda, osayang'ananso ine. "Msinkhu umenewu? Anamuphunzitsa ndani? Ndiye amafuna adyetse ana athu chiyani?"

Mawu oti mfiti sanawatchule, koma aliyense anawamva. Maso onse anali pa ine. Agogo anaimirira pang'onopang'ono, phulusa lili m'manja.

"Ndinamutuma ndine, aNabanda. Mwanayu sadziwa kanthu. Ndinamulozera ndekha pokadula."

Ndinatsegula pakamwa, koma agogo anandiyang'ana, ine n'kutseka. Mayi Mwale anayesa kunena kuti nsungwi ndi nsungwi basi, koma anali mlendo m'mudzimo, palibe anawamvera. Mabisiketi onse anakawataya m'chimbudzi cha sukulu pamodzi ndi thunthu la nthochi lija.

Pobwerera kunyumba agogo sanandimenye, sanandikalipire. Tili pafupi kufika anangoti, "Wina akakufunsa, uziti agogo anandituma. Wamva?" Ndinavomera.

Khirisimasi inapita, nkhani ya agogo sinakambidwe. Ankapitabe kutchalitchi, koma benchi yakumbuyo ija inasanduka yawo yokha. Kuchitsime amayi ankadikira kuti iwo atunge achoke. Mwana akadwala m'mudzi, dzina lawo linkamveka m'manong'onong'o. Ine anthu ankandimvera chisoni, ankati kamwana kofatsa kakuleredwa ndi munthu woipa, ndipo ena ankandipatsa chimanga chootcha. Ndinkalandira n'kudya. Patapita zaka zitatu agogo anamwalira ndi chifuwa. Anawanyamula mwakachetechete, anthu ochepa, popanda nyimbo ngakhale imodzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro lake linali loti mwana asamayankhe msanga pamaso pa akulu. Tsopano ndakula kuposa msinkhu umene agogo anali nawo tsiku lija, ndipo ndikuona zina. Mudzi unali utatola kale dzina loipa, unkangofuna mutu woliikapo. Agogo anaona kuti likagwera mwana wamasiye wa zaka zisanu ndi zinayi, adzalisenza kusukulu, kuchitsime, mpaka pa ukwati wake. Anawerengera zaka zimene zinawatsalira, anawerengera zanga, n'kulitenga iwo. Ine ndinali ndi zaka zitatu zoti ndikaime pamaso pa akulu ampingo n'kunena kuti agogo ananama. Sindinapite. Anandiuza kuti ndikhale chete, inde, koma ndikudziwa kuti kukhala cheteko kunkandikomeranso ine.