Botolo la Esinati

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi akatekisiti a kwathu. Nditalephera kupita ku koleji ndinkangokhala pakhomo n'kumaswa mtedza, ndiye iwo anakandinenera kwa ahedi a sukulu ina ya m'mapiri, kupitirira Kasakula, kuti ndizithandizira Sitandade 1. Ahedi anandiyang'ana n'kuona kuti ndine wamng'ono pa onse, basi anandikoleka wezulo m'khosi. "Zamasewero ndi magule n'zanu, mayi," anatero. Aphunzitsi akuluakulu anaseka, poti ankadziwa chimene andisenzetsa.

Bwalo timakonza chonchi: ana amalambula ndi makasu, ife timakhoma zikhomo, timakoka chingwe, kenako timathira phulusa losungunula m'madzi motsata chingwecho kuti mizere ioneke. Matumba a fetereza ndi a mpikisano wodumpha, mabotolo odzaza madzi ndi a atsikana othamanga atasenza pamutu. Ng'oma za chimtali timabwereka kumudzi, ndipo zimafuna kuziwamba pamoto zisanalire.

M'kalasi mwanga munali Esinati, kamtsikana kochepa thupi, mwana wa matenanti a paesiteti ya fodya, kwawo ku Phalombe. Magulu a mpikisano tinkagawa potsata midzi, ndipo iye analibe mudzi. Ndinangomuphatikiza ku gulu lomwe linali loperewera. Koma botolo likakhala pamutu pake linkakhala ngati lamera pomwepo. Chimene ankafuna n'chimodzi: amayi ake adzamuone akuthamanga. Mayiwo anali asanapondepo pasukulu, chifukwa tenanti sachoka m'chigafa fodya asanathe.

Tsiku la mpikisano wa masewero linayenera kukhala mu Meyi, koma ahedi analisuntha. "Tidikire makolo agulitse fodya, apo ayi alendo tiwadyetsa chiyani?" Komiti inavomera, likhale mu Julayi. Onsewo anali eni nthaka, ndipo palibe anakumbukira kuti fodya akagulitsidwa, matenanti amapakiridwa kubwerera kwawo. Inenso, mlendo pantchito, sindinkadziwa.

Tsikulo kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kuphiri, ana milomo ili mbuu. Amayi a chimtali anali atavina kale, fumbi lili kobo. Esinati anabwera atadzola mafuta mpaka m'makutu, maso ali kumsewu. Nditawandandika atsikanawo pamzere, mabotolo ali pamutu, tinamva lole ikubwera. Inaima m'mphepete mwa bwalo, itadzaza anthu, mphasa, mapoto ndi nkhuku zomanga miyendo. Bambo wina anatsika n'kuthamangira kwa ine. Anali bambo a Esinati.

"Aphunzitsi, pepani, ndipatseni mwana. Tikupita kwathu."

"Bambo, angothamanga kamodzi kokhaka, chonde."

"Galimoto si yanga, mayi. Abwana angotiuza m'mawa uno. Ikatisiya tigona kuti?"

Dalaivala anali akuliza hutala. Pamwamba pa katundu ndinaona mayi wina ataimirira, mwana kumbuyo, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa. Sindinadikirenso kuti ahedi amalize kulonjera alendo. Ndinaliza wezulo.

Esinati anachoka ngati waponyedwa ndi legeni, khosi lili chilili, manja ali m'mbali. Anzake mabotolo ankagwa m'mbuyo, iye osadontha ndi dontho lomwe. Anafika pachingwe woyamba, anthu n'kuyamba nthungululu, koma sanaime. Anapitirira mpaka palole, botolo likadali pamutu. Amayi ake anawerama n'kulitula okha, mmene timatulirana mtsuko pakhomo, kenaka anamukokera m'mwamba. Lole inanyamuka.

Poitana opambana, ahedi anatchula dzina lake kawiri. Mphoto yake inali sopo ndi pensulo, ndipo anandipatsa ine kuti ndisunge. Ndinapita kuseri kwa kalasi n'kukalira, osati pang'ono. Ndinalibe keyala yawo, ngakhale dzina la mudzi wawo sindinkalidziwa. Sopoyo anakhala pawindo langa mpaka anang'aluka.

Pano ndine mphunzitsi wa satifiketi, ndipo wezulo ndinapatsira ena. Koma pamsonkhano wina akangoti tidikire fodya agulitsidwe, ndimaimirira ngakhale andione ngati wovuta. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ana a matenanti timakhala nawo miyezi yowerengeka, choncho kalasi langa limathamanga mpikisano wake fodya akadali m'munda, Lamulungu masana, tsiku limene amayi awo amapuma. Sopo ndimapereka pomwepo, mwana asanapume n'komwe.