Mmene Mayi Wayilesi Anaphunzirira Kufa

Pachilumba chonse panalibe munthu amene anaonapo pakamwa pa Mayi Wayilesi pali potseka. Ngakhale kwa dokotala wa mano, akuti anawazula dzino nkhani ili pakati, iwo n'kulavula, n'kupitiriza pomwe analekezera. Dzina lawo lenileni linalipo ndithu, lolembedwa pakhadi la kuchipatala, koma anthu analiiwala kalekale. Ntchito yawo inali yoyanika nsomba kuseri kwa doko, pa mathandala asanu ndi limodzi amene anawasiyira amuna awo. Ntchito imeneyi imafuna manja okha, pakamwa pamangokhala pa ulova, ndiye iwo ankapapezera zochita. Ankacheza ndi ogula, ankakalipira ntchentche, ankanyengerera mitambo kuti ikagwetsere mvula kwina. M'mawa uliwonse ankayang'ana kunyanja n'kuwafotokozera amuna awo, omwe anamira ndi bwato zaka khumi zapitazo osapezekanso, za amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankayankhula naye, ndipo anali mwana wawo yekhayo.

Zinayamba pamene kampani ya mafuta inabwera ndi sitima yake n'kumaphulitsa zinthu pansi pa nyanja, ati kufufuza. Nsomba sizipirira phokoso ngati anthu a pachilumbachi, zinasamuka. Kenako kampaniyo inaimika chinsanja chachitsulo cha miyendo inayi chobowolera mafuta, ndipo pa nyanja yonse yaikulu ija, inasankha pamalo enieni pamene bwato lija linamira.

"Mwendo wakumanzerewo wawaponda pachifuwa," ankatero Mayi Wayilesi kwa aliyense. "Munthu anali ndi chifuwa kale ali moyo, lero azisenza chitsulo?"

Mwana wawoyo anali msodzi wa zaka makumi atatu, wofatsa ngati bambo ake. Atabwera ndi maukonde opanda kanthu kwa miyezi isanu ndi itatu, anakalembedwa ulonda pageti la ofesi ya kampaniyo, padoko pomwepo. Tsiku limene analowa m'nyumba atavala yunifolomu yabuluu ndi chipewa, mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutembenukira chitseko.

"Chitseko iwe, umuuze mlonda wa anthu oponda bambo ake kuti madzi osamba ali pamoto."

"Zikomo, amayi," anayankha iye.

"Chitseko, umuuze kuti sindinamve."

Kuyambira pamenepo uthenga wonse unkadzera kwa chitseko, kwa ndowa, nthawi zina kwa tsache. Mlonda anapirira chaka chathunthu, kenako anatenga bulangete lake n'kusamukira m'kachipinda kuseri kwa ofesi. Mayiyo anapitirizabe. Akamadutsa pageti ndi dengu pamutu ankaima n'kuuza mtengo wa magetsi kuti anthu ena malaya sakusita, ndipo azakhali awo akudwala mwendo koma sanapite kukawaona. Kunena zoona ankamusowa koopsa mwana wawoyo. Ankaphikabe za anthu awiri n'kumakalipira mphika kuti ndi waukulu. Koma kuti amutchule kuti "iwe" maso ndi maso, ankaona ngati iwonso akwera pachifuwa cha malemu.

M'komiti yolimbana ndi kampani, Mayi Wayilesi analowa asanaitanidwe. Wapampando anali Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito amene ankapeza njira za zionetsero pafoni, n'kuzikopera m'kope ndi cholembera chofiira. Njira zake zinali zabwino, vuto linali anthu. Poyamba analemba kalata yodandaula, anthu mazana atatu n'kudindapo chala. Kampani inayankha ndi zipewa mazana atatu zolembedwa dzina lake, ndipo popeza dzuwa linkaswa mtengo, pa msonkhano wotsatira wotukwana kampaniyo aliyense anabwera atavala chake. Kachiwiri anatumiza mabwato makumi awiri kuti akazungulire chinsanja chija atanyamula zikwangwani. Atafika, asodzi anaona kuti nsomba zochepa zotsala zija zimabisala mumthunzi wa chinsanjacho. Zikwangwani anazigoneka, n'kuponya mbedza, ndipo ogwira ntchito pamwamba paja anawagula nsomba zina pomwepo. Kachitatu, amuna asanu anadzimangirira ndi unyolo kuchitseko cha geti. Mlonda anangotsegula chitseko chinacho, anthu n'kumalowa bwinobwino. Kiyi wa loko anali atapita kumtunda m'thumba la mlamu wa Aphunzitsi, moti amunawo anakhala pamenepo masiku awiri, Mlonda yemweyo akuwapatsa madzi.

Ndiye Aphunzitsi anapeza njira ina, yomwe anati m'mayiko ena imagwedeza ngakhale nduna. Anthu amagona pansi ngati afa, osayankhula, osagwedezeka, kuonetsa mmene chilumba chidzakhalire mafuta akadzatayika. Mtolankhani amajambula, dziko lonse n'kumva chisoni.

"Basi kungogona?" anafunsa Kalipentala, wokhoma mabokosi a maliro. "Imeneyo ndiye tiikwanitsa."

Anayamba kuyeserera m'kalasi ya sitandade 4, atakankhira madesiki kukhoma. Apa ndi pomwe zinaonekera kuti kufa ndi luso. Ena ankasinza n'kuyamba kuliza mkonono. Kalipentala ankadzutsa mutu n'kumayeza anzake ndi maso, ntchito ili m'magazi. Koma mtembo wovuta kuposa yonse unali wa Mayi Wayilesi. Aphunzitsi akangoti "Tafa!", iwo ankafa mpaka kuwerenga kasanu, kenako mawu ankatuluka pansi paja.

"Inu apafupi, mwafa bwanji mwendo uli m'mwamba? Munaonapo wakufa wotero? Malemu apongozi anga anafa mwaulemu, manja apa. Ndipo pansi pano sanasese."

"Amayi, wakufa sayankhula!"

"Sindikuyankhula, Aphunzitsi, ndikungokonza."

Anawayesa ndi siwiti m'kamwa, anaitafuna n'kunena kuti ndi yakale. Anawalonjeza kuti akakhala chete mphindi imodzi yokha adzawalola kuyankhula ola lonse pa msonkhano. Anafika masekondi khumi ndi anayi, n'kufunsa ngati mphindiyo yakwana. Aphunzitsi anagwira njakata. Anayesa kuwapempha kuti patsikulo adzangosunga zikwama za anthu, koma mayiyo anawakumbutsa kuti wopondedwayo ndi mwamuna wa ndani. Anagwirizana kuti adzawagoneka kumapeto, pafupi ndi geti, kutali ndi mtolankhani.

Tsiku linafika Lachinayi, pamene sitima ya m'mawa inkabweretsa bwana wamkulu wa kampani. Mtolankhani anakwera sitima yomweyo. Anthu makumi anayi anadzipaka makala osakaniza ndi madzi kumaso ndi m'manja kuti aoneke ngati amira m'mafuta, n'kugona ngundangunda pasimenti kuyambira pamlatho wa doko mpaka pageti. Simentiyo inali itatentha kale. Aphunzitsi anafuula kuti "Tafa!" n'kugona nawonso, kope lawo lili pachifuwa. Ndipo kwa nthawi yoyamba zinayenda. Panali zii, kupatula Mayi Wayilesi amene ankanong'oneza mnzawo kuti makala ake achepa kukhosi.

Bwana anatsika, munthu wamtali wa chikwama chachikopa, n'kuyamba kulumpha mitembo mmodzimmodzi ngati akuwoloka matope. Atafika pageti anauza Mlonda kuti achotse anthuwa msanga.

Mlonda anatuluka, n'kuima patsogolo pa anthu amene anamuona akukula. Panali azakhali ake, aphunzitsi ake, amene anamukhomera bwato loyamba. Munthu woleredwa bwino sangayambe kukoka akuluakulu miyendo asanawapatse moni. Anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, makolo anga?"

"Tadzuka bwino, kaya iwe!" inayankha mitembo yonse pamodzi, Aphunzitsi akutsogolera.

Koma abale. Masabata atatu akuyeserera, palibe amene anaganizapo za moni. Mtolankhani anaseka mpaka kukhala pansi. Bwana nayenso anamwetulira. Mitembo inayamba kudzuka mwamanyazi, ikulozana zala kuti wayamba ndani, ina ikukuntha fumbi. Aphunzitsi anadziphimba kumaso ndi kope.

Mmodzi yekha ndiye sanayankhe. Mayi Wayilesi anamva moniwo, pakamwa panatseguka mwachizolowezi, koma anazindikira mawuwo n'kupatseka msanga. Ameneyu sayankhidwa. Anafuna chowatumira uthenga, koma maso anali otsinzina, ndipo nsapato za Mlonda zinali zitaima pafupi ndi khutu lawo lenilenilo. Chilichonse akananena pamenepo chikanagwera kwa iye. Anaganiza zodikira kuti asunthe kaye.

Sanasunthe. Masekondi khumi ndi anayi anadutsa, kenako mphindi, kenako ziwiri. Anthu anasiya kukangana mmodzimmodzi, akumvetsera chinthu chachilendo chimene sankadziwa kuti n'chiyani. Ankamva mafunde. Ankamva mbalame. Kalipentala ndi amene anazindikira.

"Anthuni," anatero motsitsa mawu, "wayilesi yazima."

Mlonda anagwada. Anawagwira phewa. "Amayi?" Anawagwedeza pang'ono. "Amayi, dzukani, zatha." Chibadwire chake anali asanaonepo mayi ake ali chete. Zaka ziwiri zonsezi ankatukwanidwa kudzera kwa ndowa, koma ankawamva. Tsopano panalibe ndi ndowa yomwe. Mawu ake anasintha. "Amayi, ndine. Nditukwaneni. Uzani mtengo uwu, ndimva. Amayi!"

Mayiyo mtima unawapweteka ngati wina waupotokola. Liwu limodzi likanakwana. Koma liwulo linali loyenera kupita kwa iye, ndiye analibweza. Aphunzitsi, amene anaona chikope chikuphethira, anakwawa n'kuwanong'oneza kuti, "Musadzuke, mayi, akujambula." Mtolankhani analidi atasiya kuseka. Mlonda wa kampani, m'yunifolomu ya kampani, akulira pa mtembo wakuda bii pageti la kampani, chithunzi chotere sachipeza kawiri.

Azakhali aja anayambitsa maliro. Amayi ena analandira. Mitembo imene inali itadzuka kumene inayamba kulira mnzawo ndi misozi yeniyeni, makala akuyenderera m'masaya. Kalipentala, nayenso akulira, anatulutsa tepi m'thumba.

"Ndithandizeni ndiwabereke," anatero Mlonda. Amuna awiri anawakweza kumsana kwake, manja ali lendee paphewa.

"Iwe!" anakuwa bwana. "Ukachoka pageti pano, usabwerenso!"

Mlonda sanacheuke n'komwe. Anayamba kuthamanga kulowera kuchipatala, kudutsa pamsika, kudutsa pa okonza injini za mabwato, ndipo pambuyo pake pankabwera anthu makumi anayi akuda ndi makala akubuma. Ogulitsa anasiya mabenchi awo. Agalu anathawa.

Kumsana kuja Mayi Wayilesi anali atatsinzinabe, akuganiza mmene atulukire m'nkhaniyi ulemu wawo uli wonse. Koma chifuwa chawo chinkagunda pa chinthu cholimba pa sitepe iliyonse. Anali mafupa. Dzanja lawo lolendewera lija linakhudza m'mbali mwa malaya, ndipo zala zinayamba kuwerenga zokha nthiti, imodzi, ziwiri, zitatu, zonse zili pamtunda. Chisamukireni ankamuona patali m'yunifolomu yaikulu ija, osamukhudza. Mwana amene anachoka pakhomo ali ndi khosi ngati la ng'ombe, lero lamba wachita kubooledwa mabowo ena. Mantha anawagwira, ndipo ulemu wa malemu, chinsanja, mtolankhani, zonse zinachoka m'mutu.

"Iwe, ukudya chiyani kumeneko?"

Mlonda anaima chilili pakati pa msewu, moti a m'mbuyo anawombana.

"Amayi? Muli moyo?"

"Ndakufunsa funso. Nthiti zonsezi zikutani panja? Amakuphikira ndani?"

"Palibe, amayi. Ndimamwa tiyi."

"Tiyi! Munthu wamkulu ngati iwe, tiyi!"

Mapewa a Mlonda ankagwedezeka, ndipo mayiyo anamva misozi ikugwera padzanja lawo. Kumbuyo kuja maliro anasanduka mkangano, ena akuti anadziwa kale, azakhali akudandaula kuti awawonongera mawu pachabe.

"Ntchito yatha, amayi," anatero Mlonda.

"Ndamva, ndinali pomwepo. Kuchipatala usapite, khotera kunyumba. Ndipo usanditsitse, anthu akuona."

Chithunzi chija chinatuluka m'nyuzi, ndipo chinabweretsa alendo ambiri ofunsa mafunso, koma chinsanjacho chidakalipo mpaka lero. Zimenezo zinabwera pambuyo. Tsikulo Mayi Wayilesi anali ndi nkhani za zaka ziwiri zoti amuuze mwana wawo m'khutu, ndipo anayambira pachiyambi penipeni: za denga lomwe likudontha pamwamba pa bedi lake, za mtsikana wa kumsika amene anatopa kudikira, za usiwa wa mkazi wodya yekha. Ankati "iwe" pa mawu atatu alionse.

Kuchokera pamsika kukafika kwawo ndi ulendo wa mphindi khumi. Atafika pamphambano, ngakhale anali atatopa, Mlonda anawakweza bwino kumsana n'kutenga njira yozungulira.