Mizere Imene Amayi Sanamalize

Ndikakumbukira ambuya anga obala amayi, ndimamva fungo la nsatsi zikupserera pa mbaula kuseri kwa nyumba yathu m'komboni ya Chawama ku Lusaka, utsi wolemera uja wokanirira m'zovala, utasakanikirana ndi fumbi la chilimwe ndi phokoso la makondakitala oitanira anthu kumsewu wa Kafue. Nsatsizo ankathyola okha m'mbali mwa njanji, momwe zimangomera popanda mwini. Akaziyanika n'kuzikazinga, ankazisinja mumtondo mpaka zisanduke phala lakuda, kenako n'kuziwiritsa mumphika wakale umene sitinkaloledwa kuphikiramo kanthu. Mafuta akayandama, ankawayengula ndi supuni pang'onopang'ono ataluma mlomo, ndipo mwana wothamanga pafupi nthawi imeneyo ankalawa mthiko. M'botolomo ankaponyamo makoko ouma a mandimu ndi timadontho ta mafuta a bulugamu, aja anthu amagula m'tauni akadwala chimfine, chifukwa nsatsi pazokha fungo lake n'lothamangitsa alendo.

Ambuya sanali munthu wonyengerera. Anachoka ku Katete imvi zili kale mbuu, ndipo Lusaka sanamukonde mpaka imfa yawo. Atsikana akabwera kumpopi atawongola tsitsi ndi mankhwala a m'sitolo, ambuya ankawayang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Mwawaula mutu ngati wa mbuzi, changotsala n'kuthira mchere." Koma atsikana omwewo, tsitsi likayamba kuthothoka, ankafika pakhomo pathu mozemba, kabotolo atakabisa m'chitenje. Pathu ntchito inali yogawana: kudzoza kunali kwa ambuya, kuluka kunali kwa amayi. Zala za ambuya zinali zokhakhala, zikamadutsa pamutu misozi inkalengeza. Za amayi zinali zofewa moti ndinkagona tulo pamiyendo pawo asanamalize.

Ndili mugiredi folo amayi anayamba kudwala. Tsitsi lawo lambiri lija, lakuda bii, linapepuka n'kufiirira ngati la khanda. M'komboni anthu amawerenga matenda pamutu, ndipo ambuya ankadziwa zimene zinkanenedwa kumpopi. M'mawa uliwonse ankawakhazika amayi pamphasa padzuwa, kuwadzoza mafuta aja mwaulemu umene ine sindinauonepo pamutu panga. Tsitsi lotsalira pachipeso ankalikulunga msanga n'kulibisa m'mphepete mwa chitenje. Amayi akafunsa za kuchuluka kwake kuti, "Likugwa maningi?" ambuya ankayankha mokalipa, "Likugwera kuti? Khala bwino, ukundisokoneza."

Tsiku lina Lamulungu masana amayi anandiitana. "Nelia, bwela nikuluke. Uoneka monga mwana alibe amai." Ndinakhala pakati pa mawondo awo, amene tsopano anali mafupa okhaokha, ndipo anayamba kuluka mukule, mizere ija yogona pamutu, kuyambira kukhutu lakumanzere. Ankapuma pafupipafupi, mpweya wawo wotentha ukundifika pakhosi. Atafika pakati pa mutu, manja anagwera pamapewa anga. "Manja yalema, mwana wanga. Tizasiliza mailo."

Mawa lakelo anawatengera kuchipatala, ndipo sanabwerenso.

Maliro onse ndinayenda ndi mutu woluka mbali imodzi, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala, nditaphimba ndi duku. Azimayi oyandikana nafe anandimvera chisoni. Wina anafuna kumaliza mizereyo, wina anafuna kumasula, koma aliyense wofikitsa dzanja ndinkamukankha. Ndinali wamakani kuyambira kale, koma apa sanali makani. Zovala za amayi zinali zitamangidwa kale m'mitolo kuti abale agawane. Chimene chinatsala kwa ine, chopangidwa ndi manja awo, chinali pamutu pangapa.

Titaika maliro, linafika tsiku lometa. Kwathu achibale onse amameta mpala kuti maliro achoke pakhomo. Wotsogolera anali a Gelesomu, mlongo wawo wa ambuya, amene anabwera kuchokera kumudzi, munthu wosaseka. Anakhala pampando pabwalo, lezala m'manja, ndipo anthu ankagwada mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga anandichotsa duku. Sindinayembekeze thandizo kwa ambuya. Iwo ndi amene ankatikalipira tsiku ndi tsiku kuti ana a m'tauni tataya mwambo.

Ambuya, amene anali atametedwa kale, anadzuka pamphasa. "Achimwene, patseni lezalayo."

"Tsitsi la maliro silikhala pamutu, mukudziwa inu," anatero a Gelesomu. "Mwanayu akadwala mudzafunsa ndani?"

"Akadwala ndimusamala ndine. Wanga uja ndamusamala ndekha, inu muli ku Katete. Patseni."

A Gelesomu anapereka lezala akuyang'ana kumbali. Ambuya anandiweramitsa, n'kumeta katsitsi pang'ono kunkhongo, mbali yosaluka ija, n'kukaponya pamulu wa tsitsi la anthu onse. "Wameta," anatero, ndipo anandimanganso duku. A Gelesomu anakwera basi osatsanzika, ndipo sanapondenso pakhomo pathu.

Kuyambira pamenepo mizere ija inakhala ntchito ya ambuya. Zala zawo ankaziopa, choncho ankaviika nthenga ya nkhuku m'mafuta n'kumaidutsitsa m'mipata ya mizere kuti isasomphoke. Pogona ankandimanga mutu ndi kansalu. Kusukulu anzanga ankanditcha Hafuhafu, koma ndinalibe nazo ntchito. Ambuya nawo sananenepo mawu oti timasule, ngakhale tsitsi latsopano linkamera pansi, mizere n'kumakwera, n'kumapota.

Mvula itayamba, mutu unayamba kuyabwa. Ndinkakanda mobisa mpaka panatuluka zilonda, ndipo fungo lake ngakhale bulugamu sanathe kulibisa. Tsiku lina nditabwera kusukulu ndinapeza mphasa yoyala pakhonde, beseni la madzi ofunda, ndi botolo. Ambuya anati, "Nelia, mayi ako akanaona mutu uwu akananditukwana. Lero timasula." Ndinafuna kukana, koma nditawayang'ana kumaso ndinangokhala pansi.

Anathira mafuta ambiri kuti tsitsi lifewe, n'kuyamba ndi mzere wa kukhutu. Unali wolimba, unawavuta. "Ona apa," anatero chapansipansi, osati kwa ine kwenikweni. "Apa anali ndi mphamvu. Ndinamuphunzitsa ndine kukoka chonchi." Anamasula wina, ndi winanso. "Apa wayamba kulema. Taona, wasiya tsitsi panja." Mzere uliwonse wopita pakati pa mutu unkamasuka mosavuta kuposa unzake, ndipo mawu a ambuya ankacheperachepera. Atafika pa wotsiriza, wokhota, wolekezera panjira, zala zawo zinaima.

"Apa ndi pamene mwana wanga anathera."

Ndinamva chipumi chawo chikutsamira pamutu panga, pazilonda pomwepo, ndipo thupi lawo lonse linagwedezeka. Kuchipatala sanalire, kumanda sanalire, moti anthu ankanong'onezana kuti gogoyu ndi wouma mtima. Analira tsiku limenelo, pakhonde, masana, mvula ikuwaza m'mapazi mwathu. Atatha anapukuta mphuno ndi chitenje, n'kugwira dzanja langa kuliika pamzere uja.

"Uwu masula wekha. Ine sindingathe."

Ndinayembekeza kuti ulimba, kuti undipatse nthawi. Ndinangoukhudza ndi chala, wonse unamasuka.

Ambuya anatisiya ndili kusekondale. Lero ndimakhala ku Kabanana, ndili ndi mwana wamkazi wa tsitsi louma ngati langa, ndipo kuluka ndimaluka bwino, mizere yowongoka yoti anthu amafunsa kutchalitchi. Koma ikakalamba, ndimamutumiza kwa anzanga oyandikana nawo kuti akamumasule. Mwanayo amadandaula kuti amayi a anzake amamasula okha, ndipo amati ndine waulesi. Ndimamuvomera kuti ndinedi waulesi, n'kumupatsa chipeso kuti azipita.