Chimbudzi cha a Haswell

A Haswell a ku Chikomeni ndi munthu wanzelu, amatelo eni ake. Zaka makumi awili akuweta nkhumba, koma chimbudzi sanakumbepo. Ati mwamuna sangaonedwe ndi apongozi akulowa m'kanyumba, ndiye amapita kuthengo, nkhumba zili pambuyo ngati zikupelekeza mkwati. Nkhumba ikapezeka ndi timatuza toyela pansi pa lilime, ogula n'kuikana, a Haswell amaiwotcha mothamanga n'kudya okha. "Kachasu amapha zonse," amatelo.

Chaka chatha akazi awo, a Keziya, anayamba kugwa khunyu, tsiku lina mpaka kupsa mkono pamoto. A Haswell analoza mlamu wawo kuti ndi mfiti. Kuchipatala anati ayi, ndi mazila a njoka za m'mimba ochokela m'zonyansa za munthu, analowa ndi chakudya n'kukafika mu ubongo. Atapima banja lonse, njokayo inapezeka mwa anzelu aja, yochokela ku nyama ya timatuza ija.

"Adada, kumbani chimbudzi, mupha anthu," anatelo anesi.

Anakumbadi, chokongola, cha malata ndi loko. Amasungilamo fodya. A Keziya akumwabe mankhwala, nkhumba nazo zikupelekezabe mkwati.