Muwawani wa azakhali uli pa ngozi

Azakhali aNabanda, ndakwiya nanu. Munthu amamwalira bwanji n'kusiya mtengo wopanda mlonda? Lero pa msika wa Chimbiya ndaona makungwa a muwawani atadzaza thumba, mtima wanga n'kuthawira kwathu ku Lobi, tsiku lija kunabwera amuna awiri ndi zikwanje kudzasenda muwawani wanu wa kuseri kwa khola kuti akagulitse. Ine ndinali pakhonde ndi digiri yanga, ndikungoonerera. Inu munakaima patsinde, msana mutatsamira mtengo. "Khungwa timasenda la kum'mawa ndi la kumadzulo basi, n'kumata dothi pabalapo," munatero. "Ngati mukufuna kuuvula wonse, muyambe mwavula ine." Mmodzi anakweza chikwanje. Inu osaphethira n'komwe: "Iwe, si khungwa lomweli linakuchiza m'mimba uli khanda? Amako anagwada pompano." Chikwanje chija chinatsika pang'onopang'ono.

Tsono imvani zimene mwatisiyira. Yohane, mwana wanu wobereka nokha, wagwirizana ndi ogula makungwa, ndipo Loweruka akubwera kudzausenda mozungulira. Akudziwa bwino kuti mtengo ukasendedwa choncho umauma. Ndamuimbira foni, akuti, "Asuweni, inu a ku yunivesite mumamwa mapiritsi, zikukukhudzani pati?" Loweruka ndikaima pamene munaima paja, azakhali. Komatu pakamwa panu simunandisiyire, munapita napo. Ogulawo sindikuwadziwa. Koma mtengo umene unachizanso m'mimba mwa Yohane ali khanda ndikuudziwa, ndipo matewera ake ndinkachapa ndine.