Loweruka Lotsuka Nyali

Boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ifenso tinanyamulidwa ngati mipando ya mu ofesi. Amuna anga anali dalaivala wa bwana wina wamkulu wa ku Capital Hill, ndiye tinapatsidwa kanyumba kuseri kwa nyumba ya bwanayo ku Area 10. Zipinda ziwiri, mpopi pakhomo, sukulu ya ana kufupi. Ine wokulira kuchitsime, mpopiwo ndinkaukonda kuposa abale anga ena.

Lilongwe wa masiku amenewo anali fumbi lokhalokha. Kulikonse akukumba, akugwetsa mitengo, akutsegula misewu yopita kumene kunalibe nyumba. Fumbi lofiiralo linkalowa m'mphuno, m'shuga, ngakhale m'kati mwa nyali za galimoto. Mvula ikagwa chinyezi chinkalowanso, magalasi n'kuchita mbuu.

Choncho Loweruka lililonse akaweruka, bambo a anawo ankanditumiza madzi ofunda m'beseni. Ankamasula mkombero wachitsulo wa nyali, n'kuchotsa galasi mosamala ngati dzira. Ankalitsuka ndi sopo, kulitsukuluza, kulipaka sipiriti kuti liume msanga, kenako kulipukuta ndi nyuzi yakale. Mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu sankalola munthu kuikhudza, ati chala chokha chimasupula kuwala kwake. Pobwezera ankazinga kachidutswa ka chubu cha njinga m'mphepete kuti fumbi lisowe polowera. Ntchito yanga inali yogwira tizomangira ndi kulongolola.

Chaka choyamba madzi a m'beseni ankatsala ofiira. Chaka chachiwiri ankatsala oti ungamwe. Bambo anali atayamba kutsuka nyali zoyera kale.

"Zikadali ndi chifunga izi," ankatero, galasi ali nalo pamphuno.

"Mudzazitsuka mpaka zidzabooke," ndinkawayankha, tonse n'kuseka.

Kusekako kunali kwa pakamwa chabe. Ndinali nditaona kale kuyera m'maso mwawo, ndinali nditaona akuphonya kapu patebulo. Inali ng'ala. Kuchipatala anatiuza kuti tidikire ikhwime kaye. Koma dalaivala wa ng'ala alibe ntchito, ndipo ntchito ikatha kanyumbanso katha, ana atatu n'kusiya sukulu ya m'tauni. Anthu ena amati ndikanalankhula msanga. Alankhule iwowo, sanagonemo m'nyumbamo.

Tsiku lina kuli kachisisira, akuchokera ku Old Town kukatenga katundu wa akazi a bwana, anakhudza mlonda wina yemwe ankapalasa njinga kupita kuntchito. Munthuyo sanavulale, linapindika ndi gudumu lokha. Atafika kunyumba sanalowe n'komwe. Anandiitana panja, n'kundiuza kuti ndiime kutsogolo kwa galimoto, iwo n'kuyatsa nyali.

"Mayi, musandinyengerere. Zikuwala?"

Ndinali nditaphimba kale nkhope ndi dzanja. Ndikanama bwanji?

"Zikuwala, bambo. Mpaka maso akuwawa."

Anandiyang'anitsitsa, manja ali pachiwongolero.

"Ine ndikukuonani ngati mwaima mu utsi," anatero, n'kuzimitsa.

M'mawa mwake anavala yunifolomu yawo, nakapereka makiyi. Bwana sanawathamangitse, anadzichotsa okha. Ine ndinalusa koopsa. Ndinawafunsa ngati sakanadikira ana atseke sukulu, ngati usana sankaona bwinobwino, ngati ulemu wawowo tidzauphika. Ndinalalata mpaka wantchito wa m'munda anasuntha ndi khasu lake kupita kutali.

"Dzulo linali gudumu," anatero atandilekerera nditope. "Mukufuna ndidikire mwana wa munthu?"

Kuchokera pamenepo sindinawalankhulenso, ngakhale titakwera basi yobwerera kumudzi. Zimandiwawa kukumbukira ulendo umenewo. Munthu atataya ntchito imene ankaikonda, akutuluka mumzinda umene anaufika uli tchire, mkazi wake ali phee kuyang'ana pawindo. Ng'alayo itakhwima madokotala anayesa opaleshoni pa diso limodzi, koma silinabwerere mwakale.

Patapita zaka, mwana wathu woyamba atapeza ntchito mumzindamo, anatiitana kuti tidzaone. Anatitengera ku City Centre. Misewu inali ya phula, mitengo yobzala itakula, fumbi lija kulibe. Bambo anatsika basi atandigwira pachigongono, n'kuima kuyang'ana kumene kunkamveka magalimoto.

"Mayi, anamaliza?"

"Anamaliza."

"Tandiuzani. Ndi zazitali bwanji?"

Ndinayang'ana nyumba zoyera zija, zimene iwo anaziona zili maenje a maziko, akudutsapo m'mawa uliwonse ndi bwana kumbuyo. Iwo anadikirabe, nkhope itatukulidwa m'mwamba, akumwetulira.